Mkodzo Wofiira wa Abiti Mchenga

Amayi anga, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno ku Malindi tadzuka, ngakhale kudzuka kwake n'kwa anthu otsala. Ndine Edina, chitsirizira chanu, uja munkati pakamwa ngati wailesi koma manja olemera. Ndakhala pakhonde panu paja, kope lili pabondo, ndipo kalatayi ndaiyamba katatu n'kung'amba. Pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani. Kumanda kuja ndabwerako kawiri kudzalambula, ndakuuzani za mvula ndi za denga lodontha, koma iyi yokha sindinathe kuinena. Ndiye ndati ndilembe, poti pepala silingandiyang'ane m'maso. Mundilole ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira inu mukatumidwa kukanena maliro: kuyamba mwafunsa za ana ndi za kumunda, kenako n'kumasula mtolo.

Mimba ija munaitulukira ndisanakuuzeni, tsiku lomwe ndinakankhira kutali mbale ya usipa, inatha bwino. Ndinachira mu Januwale, mvula ikugwa ngati ilibe kwawo. Mwana ndi wamkazi ndipo tamutcha Estere, dzina lanu. Anabatizidwa pa Pasaka, ndipo madzi atamukhudza pamutu anakwinya chipumi ndendende mmene munkachitira munthu akakupatsani tiyi wopanda shuga. Amayi anzanu a kutchalitchi anaseka mpaka kupukuta misozi. Ine yanga sinali ya kuseka.

Chimanga cha kumunda wa kumtunda tachotsa. Sichochuluka, koma nkhokwe siichita manyazi. Nandolo zikubwera bwino. Dimba lanu lokha ndilo latayika: nyanja yakwera chaka chino mpaka kumeza nthochi zija, ndipo pamene munkabzala mpiru ana akuwedzapo matemba. Achimwene a Yohane akadali ku Joni, amaimba foni Lamlungu lililonse n'kulonjeza kuti abwera pa Khirisimasi, monga analonjezera chaka chatha. Mkamwini wanu, a Filipo, akadali munthu wa m'madzi. Usipa unathawira cha ku Makanjira, nawonso anautsatira, moti kunyumba kuno amaoneka ngati mwezi.

Tsopano ndimasule mtolo uja. Amayi, ng'ombe yanu inafa. Abiti Mchenga anatisiya mu Malichi, Lachisanu m'mawa, belu la kusukulu likulira. Ndipo amene anawataya ndi ine.

Ndikulemba kuti "anatisiya" poti inu simunalole kuti munthu anene kuti "ng'ombe iyo". Kuyambira tsiku lomwe munawatsitsa pagalimoto kuchokera ku Namwera, kathole koonda kofanana ndi mchenga wa kugombe, munawapatsa ulemu wa mayi wa pamudzi. Anthu ankakusekani kuti ng'ombe ya mkaka singapirire kutentha kwa kunyanja kuno. Inu munangomanga khola la denga pansi pa mtengo wa mango, n'kubzala nsenjere m'mbali mwa dimba. Zaka zisanu ndi chimodzi, Abiti sanapondeko kudambo. Udzu unkawapeza m'khola, pamutu panu. Munkati, "Abiti Mchenga ndi alendo kuno, za kudambo sakuzidziwa. Mlendo sumutuma kunkhuni."

Ndimakukumbukirani m'mawa uliwonse musanasukusule n'komwe, mutawerama pakhomo la khola. "Mwadzuka bwanji, Abiti? Obwera osaitanidwa alipo angati lero?" Kenako zala zanu zinkayenda kuseri kwa makutu, pakhosi, kubere, kunsi kwa mchira. Mukapeza nkhupakupa munkaizula n'kuiphwanyira pamwala wosalala uja wa pakhomo la khola, mpaka mwalawo unada. Ine ndinkakusekani kuti kachilombo kochepa ngati nyemba kangamwe magazi angati m'chinyama chonsecho. Munkandiyankha osatembenuka: "Iwe, wakuba wabwino amatenga n'kumapita. Woipa ndi uja amakusiyira katundu wake." Ndinkayesa ndi zolankhula za ukalamba basi.

Ndipo mukukumbukira zimene munandiuza pamphasa paja, mawu atayamba kuchepa. Simunanene za nyumba kapena za munda. Munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pamaliro anga adye nyemba. Abiti ali ndi bere, mpeni usawakhudze." Ndinalonjeza. Amalume a Gideoni atafika ndi chingwe tsiku la maliro, ndinakaima pakhomo la khola, ine mwana wamng'ono pa onse, n'kuwauza kuti ayambe azinga ine. Anthu anadyadi nyemba, ena akung'ung'udza. Mu Disembala Abiti anaswa mwana wamkazi, wofiirira ngati bambo wake, nkhunzi ya mnansi wathu Che Saidi ija munaibwereka musanadwale. Tsiku limenelo ndinadziona ngati munthu wosunga mawu.

Koma kusunga mawu kwa tsiku limodzi n'kosavuta, Amayi. Chovuta ndi udzu wa tsiku ndi tsiku. Nsenjere zanu zinamira pamodzi ndi dimba. Udzu wabwino unatsala kutsinde kwa phiri, ulendo wa ola lathunthu, ndipo ine ndinali ndi khanda la masabata atatu, msana ukadali wosabwerera m'malo. Ndinayesa. Ndinkabereka Estere, chikwakwa chanu m'manja, n'kubwerako ndi kamtolo koti inu mukanakaseka. Abiti anayamba kuoneka nthiti, mkaka unachepa, ndipo ankalira akuyang'ana njira ya kudimba. Apa m'pamene Che Saidi, mnansi wathu uja simunasemphanepo naye mawu zaka zonsezi, anandimvera chisoni. Anati ng'ombe zawo zimapita kudambo tsiku lililonse ndipo amazilishya okha, Abiti akhoza kumatsagana nazo, mwana azitsala m'khola. Musawaimbe mlandu, Amayi. Iwo anapereka chimene anali nacho. Amene anamva mawu anu onena za mlendo ndi ine, ndipo ndi ine amene ndinatsegula khola.

Masabata oyamba ndinadzitama. Abiti ankabwerako mimba ili ndendende, mkaka unabwerera, ndipo mumtima ndinkati Amayi ankangodzizunza. Zosanthula m'makutu zija ndinkachita ndikakumbukira, mwina kawiri pa sabata, mwana akulira kumsana, maso ali pamphika. Kunsi kwa mchira sindinkayang'anako n'komwe.

Lolemba lina Abiti anabwerako ali kumbuyo kwa zinzawo, mutu uli pansi. Madeya sanawanunkhize, kubzikula osabzikula. Ndinati mwina ndi dzuwa. Lachiwiri m'mawa ndikuchotsa ndowe, ndinawaona akukodza, ndipo mkodzowo unali wofiira ngati madzi otsukira nyama.

Amayi, ndikuuzeni zoona: sindinachite mantha. Ndinachita ngati kumasuka, poti ndinati matenda awa ndikuwadziwa. Mwana wa kunyanja ndani sadziwa mkodzo wofiira? Ine ndemwe ndinakodza magazi ndili sitandade folo, ndikubisa chifukwa cha manyazi, mpaka munaona pa siketi yanga ya sukulu. Munanditengera kuchipatala mukundikalipira njira yonse za kusamba m'mabango, anandipatsa mapiritsi a likodzo, ndipo sabata isanathe ndinali bwino. Tsono ndinawerengera ndekha: dambo ladzaza madzi a m'nyanja, nkhono zili mbwee, Abiti akumwa momwemo ndi kuimamo mpaka m'maondo. N'chiyaninso china? Likodzo basi. M'kabati munali mapiritsi a likodzo amene a Filipo analandira n'kuwasiya, ati amawachititsa chizungulire. Ndinawasinja, n'kusungunula m'botolo, n'kuwatsanulira Abiti kukamwa. Ndinawasisita pakhosi ndikuwauza kuti achira ngati mmene ndinachirira ine.

Che Saidi atabwera kudzatenga ng'ombe, anayang'ana pansi pamene panagwera mkodzo. Anati m'khola mwawo sanaonepo zotere ndipo ndibwino ndiimbire alangizi a ziweto. Nambala inali m'foni mwanga, Amayi, munandilembetsa ndinu. Koma ine, mwana wanu wa pakamwa ngati wailesi, ndinawafotokozera bambo wachikulire za nkhono ndi likodzo ngati ndine dokotala. Anangoti chabwino, n'kumapita. Paja munkati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula langa ndikumwetulira.

Lachitatu mkodzo unada, kufanana ndi tiyi wowiritsa kawiri, wochita thovu. Thupi linkatentha moti dzanja linkamva lisanafike pachikopa. Ndinadziuza kuti mankhwala akutulutsa zoipa. Lachinayi m'mawa Abiti analephera kudzuka. Mwana wawo ankawagunda ndi mphuno kufuna bere, iwo n'kungomuyang'ana.

M'mawa womwewo Che Saidi anabweranso, mpeni wawo wautali uja atakulunga m'nsalu, amalume a Gideoni ali pambuyo. Mukudziwa mmene timachitira kuno: chiweto chikafooka timaitana Msilamu kuti azinge chikadapuma, kuti mudzi wonse udye, wa kumzikiti ndi wa kutchalitchi yemwe. Chikafa chokha palibe amene angachikhudze. Che Saidi sanandikakamize. Anangoima chapatali n'kunena motsitsa mawu kuti nthawi ikutha. Amalume ndiwo anakalipa, ati ndinawamana nyama pamaliro a mlongo wawo ndipo lero ndikufuna kuipatsa nthaka. Ndinakhala pansi m'ndowe momwemo, mutu wa Abiti uli pamiyendo panga, ndipo ndinakana. Pa malonjezo onse amene ndinaphwanya, limeneli lokha la mpeni ndilo linanditsalira. Kenako ndinatenga foni n'kuimba nambala ija, mochedwa ndi masiku awiri.

Alangiziwo ndi mayi wa msinkhu wangawu, ndipo anafika panjinga yamoto dzuwa lisanafike pamutu. Anatsegula chikope cha Abiti: mkati mmene mumayenera kufiira munali moyera ngati pepala ili, mochita chikasu pang'ono. Anakweza mchira, n'kundiitana kuti ndidzaone. Amayi, ndinafuna nthaka ing'ambike. Nkhupakupa zinali ndandanda mpaka kubere, zotuwa, zotupa ngati nthanga za nsatsi. Anabaya khutu ndi singano, ndipo magazi amene anatuluka anali opyapyala ngati madzi. Anawapaka pakagalasi, n'kubaya Abiti jakisoni. Nditawaonetsa pepala la mapiritsi aja sanandiseke kapena kundikalipira. Anangoti si ine woyamba kuganiza choncho m'mbali mwa nyanja muno. Ndinawafunsa ngati Abiti akanachira ndikanaimba Lachiwiri. Anazengereza, kenako anati nthawi zambiri ng'ombe ikabayidwa tsiku loyamba imadzuka. Ndinawafunsa ndekha, ndipo yankho lake ndikugona nalo mpaka lero.

Lachisanu m'mawa Abiti anatambasula miyendo, n'kupuma kamodzi mwamphamvu, basi. Tinawakwirira kuseri kwa khola, pansi pa mango omwe aja. Che Saidi anakumba nawo dzenje ngakhale msana wawo mukuudziwa. Amalume sanabwere, ndipo mpaka pano moni wanga amayankha ndi mphuno. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamaliro anu, ndipo ndikudziwa kuti anthu anandinena. Sakudziwa kuti pamaliro anu ndinali ndi khola loti ndilondere. Tsiku ili ndinalibe choimira pakhomo. M'mudzi monse muno, Abiti okha ndiwo ankatembenukabe ndikatsanzira kaitanidwe kanu, kuyang'ana kumbuyo kwanga ngati mutulukira. Amayi, munafa kawiri, ndipo kachiwirika ndinathandizira ndine.

Sabata yotsatira ndinakwera matola kupita ku boma, Estere kumsana, chifukwa alangizi aja anati ndikafuna ndikaone chimene chinapha ng'ombe yanu. Ndikufuna ndikufotokozereni bwinobwino, poti inu munkachidziwa chinthuchi osachionapo. Anandikhazika pa makina aja oonera tizilombo, n'kuikapo kagalasi ka magazi a Abiti. Poyamba ndinkangoona nsidze zanga. Kenako ndinaona timikanda tofiirira tambirimbiri, tozungulira. Anati amenewo ndi maselo ofiira, timatumba tonyamula mpweya m'thupi, ndipo ndi amene amafiiritsa magazi. Anandiuza kuti ndiyang'anitsitse mkati mwake. M'timikanda tina munali tinthu tiwiri todera, togundana kunsonga ngati nthanga ziwiri za dzungu. Amenewo ndiwo anali katundu wa wakuba uja, Amayi.

Anati kachilomboka ndi kachibale ka kaja ka malungo, koma m'malo mwa udzudzu kamakwera nkhupakupa. Nkhupakupa ikaluma simangoyamwa, imalavuliranso malovu ake m'thupi, ndipo tizilomboto timalowera m'malovumo. Kakafika m'magazi sikayendayenda poyera. Kamapeza selo lofiira, kamaligunda ndi kunsonga kwake, n'kudzikankhira mkati, selolo n'kutsekeka pambuyo pake ngati palibe chachitika. Asilikali a m'thupi amadutsa panja osaona kanthu. Mkatimo kamadya, kamakula, n'kugawikana pawiri. Tikatero timaswa selolo n'kutuluka, kalikonse kukalowa m'selo lina, n'kuyambiranso. Ndinawauza kuti ndiye nankafumbwe ameneyo, chimanga chooneka chabwino kunja mkati muli ufa wokhawokha, ndipo anavomera. Masiku onse aja ndinkadzitama kuti Abiti anenepa, ntchito inali ili mkati.

Tsono kufiira kuja ndinakuona m'khola sikunali magazi ochokera pabala la m'chikhodzodzo, monga zimakhalira ndi likodzo. Unali utoto wa maselo osweka, wotayikira m'thupi, impso zikuyesetsa kuusefa. Abiti ankakodza magazi awo atasungunuka, ine ndili kalikiliki kuthamangitsa nyongolotsi za likodzo zimene munalibemo. Ndinafunsanso chifukwa chimene ng'ombe za Che Saidi zimadyera dambo lomwelo osadwala. Anati zimenezo zinalumidwa zikadali tiana, pa msinkhu umene thupi la ng'ombe limalimbana nato mosavuta, ndipo magazi awo anatizolowera. Koma ng'ombe yokulira m'khola, ikakumana nato itakula, imagwa ngati mtengo. Mlendo sumutuma kunkhuni. Inu amene sukulu munalekezera sitandade thuu munanena zonsezi m'mawu atatu. Misozi yanga inagwera pagalasi la makina aja, mpaka mayiyo anachita kupukuta ndi kansalu.

Pobwerera, powoloka mlatho, ndinkangoganiza za zala zanu. Ndinkayesa kuti kusisita kuja kunali chikondi cha munthu wosowa wocheza naye chimwalirireni bambo. Kani inali nkhondo, ndipo munkaimenya nokha m'mawa uliwonse ndi mwala umodzi, ine ndikuseka pakhonde.

Chotsala ndi mwana wa Abiti uja. Alangizi anamuyeza ndipo anati magazi ake ali bwino. Masiku oyamba ankalira mpaka mawu kusasa, akununkhiza dothi la pansi pa mango. Ndinkamumwetsa phala la madzimadzi m'botolo lomwe lija ndinamwetsera mayi wake mankhwala olakwika, nditalitsuka katatu. Tsopano akudya madeya ndi udzu wanthete, ndipo dzulo anathamanga kuzungulira khola mchira uli m'mwamba. Alangizi andiphunzitsa kapoperedwe ka mankhwala a nkhupakupa, ndipo anena kuti azimuona pafupipafupi. Nsenjere ndabzala zina kuseri kwa bafa, kumene nyanja singafikeko ngakhale italusa bwanji. Ana amasiye pakhomo pano tilipo awiri, iye ndi ine, ndipo timamvana.

Dzina sindinamutche. Kutcha maina inali ntchito yanu, ndipo ndikuopa kumupatsa dzina lopanda mchere. Ndimangoti Abiti, n'kulekera pomwepo. Ngati muli nalo dzina kumeneko, mundilotetse.

Sindikupemphani kuti munene kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo, ndipo inu simunali munthu wonyengerera. Ndikudziwa mukanakwinya chipumi chija mpaka ine kulakalaka mukanangondimenya. Ndikungopempha kuti mukatha kukwiya mundikhululukire, monga munachitira ndi siketi ya sukulu ija: kukalipa njira yonse, koma dzanja langa osalitaya. Ndipo ngati kumeneko kuli madambo opanda nkhupakupa, Abiti Mchenga akakupezani, muwauze kuti mpeni sunawakhudze. Chimenecho chokha ndinakwanitsa.

Lero m'mawa ndisanasukusule ndinapita kukhola, Estere ali kumsana. Ndinawerama pakhomo n'kufunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, Abiti? Obwera osaitanidwa alipo angati lero?" Ndinayamba kuseri kwa makutu, pakhosi, pamimba, mpaka kunsi kwa mchira. Ndinapeza imodzi, yaing'ono, isanakhute n'komwe. Mwala wanu uja mvula ya chaka chino inautsuka mpaka kuyera, moti ndinkachita manyazi kuuyang'ana. Lero uli ndi banga.

Ndikukulonjezani, Amayi, kuti mwala umenewo udzadanso ngati kale, ndipo Estere akadzayamba kundiseka ali pakhonde ndidzamuyankha osatembenuka. Ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa manja amene ayamba kuphunzira mochedwa,

Edina